Ufa Woyera M'ketulo ya Ketty

Kanyama, Lusaka

Okondedwa alongo anga a Whyson,

Landirani moni wochokera kuno ku Kanyama. Kodi muli bwanji pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Nanga mwendo uja unasiya kutupa? Ife tili bwino, kungoti mvula yayamba, ndiye timayenda nsapato zili m'manja.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumalankhula nokha, ine n'kumangoti inde. Munalamula kuti mwana wanga Ketty akagwade kwa apongozi ake n'kupepesa. Ndinu malume ake, mawu anu ndi olemera, koma imvani kaye zimene zinachitika.

Mukudziwa kuti Ketty amaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo mwamuna wake Given amayendetsa minibasi. Mwezi watha amake Given anabwera kuchokera ku Chadiza kudzaonetsa maso kuchipatala. Anapeza mwana wawo akudandaula m'mimba, ataondanso. Tsiku lina Ketty ali kuntchito, mayiwo anasuzumira m'ketulo n'kuona ufa woyera utamata pansi, wina ukuyandama ngati mamba a nsomba. Anaupala ndi supuni, n'kupita nawo kwa mneneri wina wa m'komboni muno. Mneneriyo sanachedwe: akuti ndi mankhwala opusitsa mwamuna.

Ketty pobwera anapeza zovala zake zili m'chikwama pakhomo, anthu atadzaza pampanda. Given anangokhala pampando atazolika. Sanamuthamangitse, komanso sanamuletse. Mwana wanga anafika kwanga maso ali psuu, ndipo sanadye mpaka mawa lake.

Ine ndinkafuna kukatukwana, koma Ketty anandigwira dzanja. Anati ndikapemphe ankhoswe a mbali zonse kuti akumane Loweruka pakhomo pomwepo, pabwalo, pamene anthu anamuonera akuchoka. Anatinso apongozi ake akagule okha poto watsopano. Ndinamufunsa ngati akupita kumlandu kapena kukaphika. Anangoti ndikaona.

Loweruka anthu anachuluka kuposa oitanidwa. Ketty anagwada, n'kupereka moni kwa akuluakulu onse, apongozi ake omwe. Kenako anati: "Amama, tapani manzi mweka pampopi mu poto mwagula, muike pambaula. Ine sinizagwirako." Anakakhala kutali, manja ali pamiyendo.

Madzi akuwira, anapempha ba Mukupa, ankhoswe a kwa Given, kuti athire mchere m'tambula ya madzi n'kutakasa. Mchere utasungunuka anawafunsa kuti wapita kuti. Iwo analawa n'kunena kuti ulimo, kungoti sukuoneka. Ketty anati madzi ndi otero: amanyamula zinthu zimene maso sangaone, ndipo kuyera kwake sikutanthauza kuti mulibe kanthu.

Ndiye anafotokoza za miyala ija ya laimu imene ili pansi pa Kanyama yense, imene amayi amaphwanya m'mbali mwa msewu. Akuti mvula ikamagwa imatenga mpweya wina umene umaipatsa kakuwawasa kochepa kwambiri, koti lilime silingamve. Madziwo akalowa pansi amanyambita mwala pang'onopang'ono, mwalawo n'kusungunukiramo ngati mchere uja. Ndiwo madzi amene timatunga. Shuga amasungunuka bwino madzi akatentha, koma mwala uwu ndi wosiyana: ukawiritsa madzi mpweya uja umathawa, madzi amalephera kuusunga mwalawo, n'kuutula pansi pa poto.

Mayi wina kumpanda anakuwa kuti chizungu chachuluka, tione poto. Anthu anaseka, Ketty nayenso anaseka. Tinadikira mpaka madzi anatsala pang'ono kuphwa. Amake Given anaphula okha, n'kusuzumiramo. Ba Mukupa anadutsitsa chala pansi pa potoyo, chala chinatuluka choyera. Poto watsopano, alongo anga, amene mwana wanga sanamukhudze ngakhale ndi chikhadabo!

Mayiwo sanagonje msanga. Anati mwina ufa uwu ndi wina, uja wa m'ketulo ndi wina. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa ufa umene anapita nawo kwa mneneri. Ketty anati alankhula zanzeru, ndi bwino kuyesa zonse. Anaitanitsa mandimu ndi fumbi la miyala yophwanya ija. Ba Mukupa anaika zitatuzo padera m'mbale, wa m'poto, wa m'chitenje ndi fumbi la mwala, n'kufinyira ndimu paliponse. Zonse zinachita thovu mofanana, zikulira kuti sii, ndipo ufa uja unayamba kusungunuka anthu akuona.

Pamenepo pabwalo panadzuka phokoso. Aliyense anayamba kuulula kuti ketulo yakenso ili choncho. Mayi uja wa kumpanda anati ngati uwu ndi mankhwala, ndiye kuti Kanyama yense amuna anapusa kalekale. Ketty anawauza kuti ufawo sudwalitsa, ndipo asasiye kuwiritsa madzi, makamaka nyengo ino ya kolera.

Ine ndinangokhala pamphasa misozi ikutsika. Ndinkayang'ana mwana amene ndinamulera ndi malonda a tomato, akuyankha akuluakulu mosakweza mawu, wosanyoza munthu ngakhale mmodzi. Akanatha kuwachititsa manyazi apongozi ake. M'malo mwake anati munthu amene anazolowera madzi a kumudzi sangaudziwe ufa umenewu, ndipo mayi aliyense angachite mantha mwana wake akamaonda. Amake Given anafundira chitenje kumaso n'kulira. Anati kwa Ketty: "Mwana wanga, ndakulakwira."

Ankhoswe anati basi nkhani yatha, Ketty alowe m'nyumba. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa ena akuuzani kuti anachita mwano. Anakana mwaulemu. Anatembenukira kwa Given n'kunena kuti: "Amama sananidziwe. Koma imwe munali kunidziwa, ndipo munakhala zii." Anati abwerera kwa ine kufikira mwamuna wake atapita kuchipatala kukapimitsa m'mimbamo, ndiponso atalankhula ndi pakamwa pake.

Given anapita. Anamupeza ndi zilonda za m'mimba, ndipo akumwa mankhwala. Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, anaima pamaso pa anthu. Anati ketulo ija ankaitsuka yekha ndi mchenga asanakwatire n'komwe, ufawo ankaudziwa, koma anaopa kutsutsa amake. Anapepesa kwa Ketty pomutchula dzina. Ketty anakatenga chikwama chija cha zovala kwanga n'kumupatsa kuti anyamule. Anachinyamula pamutu msewu wonse, m'matope, anyamata a pasiteshoni akumuimbira miluzu. Sanachitsitse mpaka pakhomo pawo.

Pempho langa ndi ili, alongo anga. Mbiri yoipa ija inafika kwanu ku Katete msanga. Sonkhanitsani abale muwawerengere kalatayi mokweza, kuti dzina la mwana wathu liyere kumenekonso. Ndipo mukadzabwera, musadzabwere ngati woweruza. Mudzamugwire chanza, chifukwa m'banja mwathu simunabadwe munthu amene anandinyaditsa chotere.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Victor ndi mkazi wake, ndi kwa onse a kutchalitchi. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mvula yabwino m'minda.

Ndine mlongo wanu,
Maud, amake Ketty