Andifufuta Pachithunzi cha Tadala

Loweruka, kuno ku Madaraka. Kwazizira tsiku lonse, mawondo akundiwawa.

Apongozi anga, amake a Tadala, ali ndi luso ndithu. Lero amakonza timakadi ta timu ya mdzukulu wangayu, amene amasewera mpira womenya ndi chibonga uja amati besibo. Mwana aliyense akhala ndi kadi yakeyake, nkhope ndi dzina.

Tadala anamujambulira pakhonde, kumbuyo kuli zovala zoyanika, ine nditakhala pampando. Amake anangodinadina pakompyuta, zovala zonse zii, m'malo mwake bwalo la udzu wobiriwira. Ngakhale tsitsi limodzi la mwanayo sanalidule. Kwathu wojambula ankangopachika chitenje kumbuyo basi.

Koma inenso ndinapita limodzi ndi zovalazo. Tsonotu apongozi sudandaula nawo pamaso.

Tadala ndiye anafunsa, "Amama, agogo mwawataya kuti? Kadi iyi sindikuifuna."

"Pepani bambo, makinawa anakuyesani zochapa," anatero amake akubisa kumaso.

Andibwezeretsa pachithunzipo, andikhazika pakati pa oonerera, chipewa changa chili bwinobwino. Bwalo limenelo sindinalipondepo chibadwire, koma anzake onse a Tadala andiona ndili pomwepo. Tsono akadzandifunsa kuti anapambana ndani...