Chitsulo cha Patchalitchi Chalira Chokha

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tikudzuka ndithu, ngakhale chiikire maliro a bambo ako tulo sindikutiona.

Lachitatu masana tikusoka fodya m'chigafa, chitsulo cha patchalitchi, chija ankaimba bambo ako, chinalira. Matenanti ena anathamanga poyesa kuti makuponi a feteleza afika. Koma chinkalira pang'onopang'ono, kaimbidwe ka maliro, ndipo pansi pa mtengo chimapachikidwapo panalibe munthu.

Tinasonkhana tonse. Bambo ako ankakonda kunena kuti Eklezia ndi mawu a Chigiriki, otanthauza anthu oitanidwa pamodzi. Tsikulo oitanidwa tinalipo, woitana sitinamuone.

A Nabanda, anansi athu aja, anati, "Abale, tiyeni tiwerengane, tione wasowa ndani." Banja lililonse linatchula ake, odwala ndi ana a kusukulu ku Nkhamenya omwe. Onse anali moyo. Kenaka anthu anayamba kundiyang'ana ine mwachisoni, poti za iwe wekha ndiye sitinkadziwa.

Foni yako sikupezeka, n'chifukwa chake kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi. Ukangoilandira undiimbire, ngakhale kungoti "Amayi" basi. Mphasa tinabwereka pamaliro a bambo ako zija sindinabweze, kuopa kuti zingafunikenso. Ndikudikira kumva mawu ako.

Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine mayi ako,
Naphiri