Kalasi ya Chichewa ndi Mbalame ya ku Bermuda

Komiti ya Amalawi a ku Indiana
Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala 2024
Malo: Holo ya tchalitchi, Lafayette Road, Indianapolis
Analipo: Mai Tusekele Mwakasungula (Wapampando), Bambo Hamilton Chikaonda, Mai Chrissie Maulidi, Bambo Alufeyo Kalinde (Mlembi)
Opepesa: Bambo Lyson Gausi, ali ku ntchito

1. Kutsegulira

Mai Maulidi anapemphera.

2. Kalasi ya Chichewa

Wapampando anati chimwalirireni mphunzitsi, Mai Vainess Kalinde, mkazi wa Mlembi, ana sanakumanenso. Atchalitchi akufuna yankho lero ngati chipinda chophunziriramo chibwezedwe.

Bambo Chikaonda anati kalasi itsekedwe, poti ana amayankhabe m'Chingerezi. Anadandaulanso kuti phunziro lomaliza linali la mbalame yam'nyanja ya ku Bermuda. "Mbalame yoti kwathu kulibe. Akhwangwala atha kodi?"

Mai Maulidi anati nkhaniyo anabwera nayo ndi ana. Mbalameyo, cahow, ilipo yochepa kwambiri. Anthu ankayesa kuti inatha kalekale, mpaka inapezekanso pa tizilumba. Dzina lake linachokera pa kaliridwe kake, ndipo malemu analonjeza ana kuti nawonso adzaimvetsera n'kuipatsa la Chichewa.

Mai Maulidi anaika kulirako pa foni. Bambo Chikaonda anati, "Iyi ikulira ngati pasiwa." Kenaka anapepesa kwa Mlembi. Mlembi anati palibe chopepesa, kulirako akukudziwa. Malemu ankakumvetsera akusita yunifolomu ya kuntchito.

Wapampando anakumbutsa kuti kwathu wopereka dzina kwa mwana sathawa: amasiya kangachepe, ndipo mwanayo amamuyendera. Anati sibwino ana apereke dzina kenaka n'kubalalika. Anafunsa ngati alipo wophunzitsa.

Mlembi anapempha kulankhula. Anati sukulu sanapite nayo patali, koma Loweruka lililonse ankabwera ndi malemu kuchokera ku South Bend, ulendo wa maola oposa awiri, iye n'kumadikira m'galimoto. Anati tsopano angathe kumalowa n'kumaphunzitsa anawo.

Bambo Chikaonda anati, "Achimwene, msewu wonsewo muzidiraiva nokha? Nanga chisanu chikayamba?" Mlembi anati adzinyamuka m'mawa.

Chigamulo: chipinda chisabwezedwe. Bambo Chikaonda sanavote, koma anafunsa nthawi yoti azibweretsa ana awo.

3. Zina ndi zina

Panalibe.

Msonkhano wotsatira: 12 Okutobala, ana akaweruka. Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo.

T. Mwakasungula, Wapampando
A. Kalinde, Mlembi