Nyambo za Mwana Wamanzere

Little Compton, Rhode Island
13 Okutobala 2016

Okondedwa achemwali Lorraine,

Ndikhulupirira muli bwino ku Arizonako pamodzi ndi alamu. Ndasankha kulemba chifukwa ndikamayankhula pafoni bambo amamva zonse.

Manja a bambo akunjenjemera kuposa mmene munawasiyira pa Khirisimasi, ndipo zopita kwa dokotala safuna n'kumva komwe. Madzulo amakhalabe patebulo lawo lija lomangirapo nyambo zowedzera, mbedza ili pakachitsulo kopanira, nthenga za tambala ndi ubweya wa mchira wa gwape zili pambali, koma ulusi umangoduka. Mukudziwa lamulo lawo, loti munthu sawedza ndi nyambo yomanga wina. Choncho ndinayamba kumanga zanga ndikaweruka kusukulu, zoyera kumimba, zobiriwira kumsana ngati tinsomba ta nyengo ino, n'kumaziika mwakachetechete m'kabokosi kawo, pakati pa zakale.

Loweruka tinapita kukawedza kumiyala kuja, m'mphepete mwa nyanja. Mbalame zinkagwera m'madzi, nsomba zikuluzikulu zamizere zikuthamangitsa tinsomba mpaka kumapazi kwathu. A Furtado, anzawo aja, anali atakola kale ziwiri.

"Gilbert, ukudikira kuti zikugwadire?" anatero kwa bambo akuseka.

"Ndikukupatsa mpata, nkhalamba iwe. Chaka chonse wakhala ukukola udzu," bambo anayankha.

Koma ine ndinkaona. Bambo ankayesa kumangirira nyambo, koma chingwe chinkakana kulowa pakabowo ka mbedza. Ndinayang'ana kumbali ngati ndatengeka ndi mbalame. Pomwe ankamaliza mfundo, madzi anali atayamba kuphwa, nsomba zitapita.

Anakhala pamwala n'kumaitembenuza nyamboyo m'manja.

"Iyi yanenepa ngati tsache," anatero. "Kansomba kenikeni kamaonekera kuwala. Uzichotsako theka la ubweya."

"Si yanu imeneyo, bambo?"

"Ulusi wanga sunazungulirepo chakumanzere, Elias. Pakhomo pathu wamanzere ndi mmodzi."

Sanakalipe. Anaidula pachingwe, n'kundiikira m'thumba la malaya, tinabwerera kunyumba osaponya chingwe ngakhale kamodzi. Dzulo nditafika ndinapeza chopanira, nthenga ndi ulusi wonse zili pabedi langa. Ndodo yawo yowedzera aikweza pamwamba m'garaja, pomwe timasunga zinthu za malemu amayi.

Achemwali, ine sindikudziwa choti ndiwauze. Timadya osayankhulana. Inu amakumverani. Nsombazi zimapita kummwera Novembala akamatha, ndipo mutabwera zisanapite mwina angatsitse ndodoyo, mwinanso angalole kuti muwaperekeze kuchipatala. Ngati simungathe, mundiuze mosabisa, ndisamangoyang'ana kumsewu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kamwana. Moni wa bambo sindingakupatseni, sakudziwa kuti ndalemba. Ndilekere pano, ndamva ayamba kutsuka mbale, ndikaime pafupi, angazigwetse.

Ndine mlongo wanu,
Elias