Lipenga Pakamwa, Osaliza

Lamlungu, 27 Julaye

Munthu umamuuza bwanji kuti akhale chete m'nyimbo imene waivutikira chilimwe chonse? Zaka zonsezi ndikuphunzitsa malipenga, mawu ake sindinawapezebe.

Sukulu ina ku Iowa, paulendo wa mipikisano ya magulu oguba ndi malipenga. Ana agona pansi m'holo ya masewera, aphunzitsife m'kalasi ya masamu. Madzi osamba ozizira. Msana ukuwawa.

Nkhani ndi ya Wendell, mmodzi mwa oliza baritoni, lipenga la mawu otsika. Chionetsero chathu chimatha mwakachetechete. Ana akathamanga bwalo lonse, amaima, ng'oma zimaleka, mbendera pansi, malipenga onse n'kutulutsa liwu limodzi lalitali, lapansipansi. Kuliza mokweza aliyense amatha. Kuliza motsitsa mtima ukugunda m'khosi, pamenepo ndiye pali ntchito. Wendell amafika pamenepo ali wefuwefu, mlomo n'kunjenjemera, liwu n'kusweka. Si tsiku lililonse ayi. Koma dzulo linasweka, ndipo ngakhale okhala mipando ya pamwamba penipeni anamva.

Gus, mkulu wathu wa malipenga, wati timudule. Kutanthauza kuti lipenga pakamwa, zala pamalo pake, apume limodzi ndi anzake, koma asalize. Palibe gulu limene silichita zimenezi. "Ndi wophunzira wako ameneyu, ukamuuze wekha," watero Gus, m'kamwa muli buledi wa chiponde.

Lachiwiri, 29 Julaye

Sindinamuuze.

Dzuwa la phula losungunuka. Awiri onyamula mbendera akomoka tisanadye nkhomaliro. Nsapato zanga zang'ambika, ndamata ndi tepi ya ng'oma, zatsopano zidikire malipiro a Sepitembala.

Wendell ali ndi zaka 21. Malamulo salola kupitirira pamenepo, chaka chino ndi chomaliza. Nyengo yozizira yonse amamata matayala kuti apeze ya ulendowu. Ndayesa njira zonse zimene ndimadziwa: kupuma ndi mimba, kufewetsa chibwano, kuyamba liwu ndi mpweya m'malo mwa lilime. Amamvetsera bwino kuposa onse. Akaima phee, liwu lake ndi lokoma, lakuya. Vuto ndi thupi lalikululo likathamanga.

Tili pa nambala 13. Ofika tsiku lomaliza la mpikisano ndi magulu 12 okha. Kampata kake n'kochepetsetsa, liwu limodzi losweka likhoza kukatseka kapena kukatsegula. Gus sanandifunse lero. Wangondiyang'ana.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Ndamuuza, kuseri kwa lole yophikiramo. Monga mwa chizolowezi changa ndinatalikitsa. Za mmene khutu limagwirira liwu limodzi lolakwika pakati pa makumi asanu ndi atatu abwino. Za anthu amene anadulidwapo kale n'kudzakhala aphunzitsi. Iye akungopukuta thukuta ndi chipewa.

Nditatha anati, "Ndiye kuti mwandikweza udindo, a Marlene? Ndine chosema tsopano?" Ndinaseka. Sindinayenera kuseka.

Funso lake lenileni linali limodzi: mpweyawo aziusunga kapena aziutulutsa? Ndinamuuza kuti aziutulutsa m'lipenga momwemo, kungoti milomo isanjenjemere. Chifuwa ndi mapewa zizitsika limodzi ndi za anzake, apo ayi woweruza aona.

Anzake ayamba kale kumutcha Bambo Chete. Akuyankha kuti ndiye yekha m'gulu lonse amene sadzalakwitsanso. Pa chakudya chamadzulo mbale yake yabwerera yodzaza.

Lolemba, 4 Ogasiti

Pennsylvania kumbuyo, tikulowera kumadzulo. Ndatopa moti ndathira mchere m'khofi.

Liwu lija layera. Loweruka linatuluka ngati la munthu mmodzi, ndipo oweruza atikweza pang'ono. Gus ananena zoona. Ndimafuna akanalakwa.

M'mawa ndikutsuka mano ndamuona Wendell pawindo. Yekha pamalo oimika mabasi. Amathamanga kuzungulira mabasi onse lipenga m'manja, n'kuima mwadzidzidzi, n'kuliza liwu lija. Akudzitopetsa dala kuti aphunzire kuliza ali wotopa. Palibe wamutuma. Kena labwino, kena losweka, kena labwino kwambiri. Ndachoka pawindo asanandione.

Mayi ake akubwera Lachisanu. Chionetsero cha chaka chino sanachionepo.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Indianapolis. Tadutsa chigawo choyamba, nambala 13 yomweyo. Mawa tikapanda kukwera, mawa lomwelo ndiye mapeto.

Ndamuuza Gus za kuthamanga kwa m'mawa kuja, kuti tsopano labwino limachuluka. Anafunsa ngati limachuluka kapena ndi lokhalokha. Ndinati limachuluka. Anasenda khungu la pamphuno. "Zili kwa iwe, Marlene. Koma likasweka, ana enawa ukawafotokozere ndiwe. Poti kufotokoza umakutha."

Nawonso ena asanu ndi anayi a malipenga ali m'chaka chomaliza. Nawonso anamata matayala awo. Ndimaiwala zimenezi chifukwa iwo sandivutitsa.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Pakhomo lolowera m'bwalo, ana atafola kale, ndinamukoka Wendell pamkono. Ndinamuuza kuti akafika pa liwu lija n'kudzimva kuti ali bwino, alize.

Anandiyang'ana pansi pa chisoti. "Mukundilamula, kapena mukundifunsa?"

Ndisanayankhe mzere unayamba kuyenda. Katundu amene anali wanga ndinamusenzetsa iye, akulowa m'bwalo.

Koma chionetserocho! Sanachitepo chotere. Ng'oma zinagwirana ngati dzanja limodzi. Pamene malipenga anatembenukira kwa anthu, mayi wina pafupi nane anagwira pachifuwa. Kenako kuima kuja. Liwu lija linabwera loyera, lofewa, losagwedezeka, ndipo bwalo lonse lalikululo linati zii mpaka litatha. Anthu anachedwa kuwomba m'manja, ngati akuopa kuliswa. Kenako onse chiriri. Gus amalira, akunamizira chimfine.

Kuchokera pamene ndinakhala sindikanadziwa ngati Wendell analiza.

Nambala 13. Mawa tikhala oonerera.

Otsazika, a chaka chomaliza aja, anavula nsapato n'kuzisiya pabwalo, monga mwa mwambo. Za Wendell zazikulu kuposa zonse. Anandibweretsera mayi ake, munthu wamfupi wansangala, amene anandithokoza ponena kuti liwu lomaliza lija anamumva mwana wawo bwinobwino. Wendell anangoyang'ana masokosi ake. Sindinafunse.

Lamlungu, 10 Ogasiti

M'basi, kubwerera. Ana ena anyamuka ndi makolo, Wendell nayenso. Minda ya chimanga mbali zonse.

Gus wanditumizira mawu a oweruza. Woweruza wa malipenga amayenda pakati pa ana m'bwalo momwemo, akulankhulira m'kachipangizo kojambula mawu. Lachisanu, pomaliza penipeni, anakaima kumzere wa baritoni, kumapeto, pamene amaima Wendell. Ndawadziwa malowo chifukwa ng'oma zikumveka kumanzere, patali.

Woweruza akusiya kulankhula. Mapazi akuima. Munthu akukoka mpweya pafupi kwambiri, wakuya, wapamimba, ndendende mmene ndimaphunzitsira. Liwu la ena onse likuyamba, chapatali pang'ono. Ndipo pafupi, m'khutu mwanga mwenimweni, mpweya wokhawokha ukudutsa m'lipenga. Fuuu. Wosadukiza, wosanjenjemera ngakhale pang'ono, mpaka kumapeto, n'kuleka limodzi ndi anzake.

Ndi mpweya wotere liwu silikanasweka. Iyenso ayenera kuti anadzimva.

Ndabwereza kumvera mpaka foni yatha moto.

Lipenga langa lili pansi pa bedi kunyumba, mafuta ake anauma kalekale. Marlene, ukafika usafotokozere munthu. Ulitulutse, uthamange nalo mpaka kumapeto kwa msewu ndi kubwerera, uime, ukoke mpweya. Udziuze kuti waloledwa kuliza. Ndiye uone ngati udzalizadi.