Injini ya Bambo Ake

Loweruka, 7 Juni

Amayi ake a Abwana, mkazi yemwe ndinkafuna kukwatira, aimba foni m'mawa ndisanasukusule n'komwe. Moni wautali, achemwali ali bwanji, ntchito ya mafiriji ikuyenda bwanji. Ndadziwiratu. "Mwananga, galimoto ya bambo ija..." Akufuna ibwerere kwawo mwezi uno usanathe. Ndati chabwino Amayi. Ndikuwatchulabe Amayi, pakamwa pakukana kusintha.

Nditadula foni ndapita kuseri kukavundukula lona. Ili momwe tinaisiyira. Kufiira kwake kunazilala, yanjuta pansi ngati galu wodwala, mipando iwiri basi, boneti yatsamira khoma. Injini ili yasa. Hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ili patebulo la m'khitchini, mabawuti m'zitini, chitini chilichonse cholembedwa ndi dzanja la Abwana chifukwa ine ndimasokoneza. N'chifukwa chake ndinkamutcha Abwana: ine m'maoilo, iye manja m'chiuno kulamula.

Pangano linali loti ndiidzutse, tidzakwere tsiku la ukwati wathu. Inafera m'manja mwa bambo ake, iwo n'kutsatira asanaikonze. Mwezi watha Abwana anakhala pampando wa pakhonde uja n'kunena kuti wayesetsa, wayesetsadi, koma mtima wake sudumphanso akandiona. Akuti palibe chomwe ndalakwa. Bola akanandipeza ndi cholakwa, ndikanadziwa pomangitsa.

Sindingabweze galimoto ya malemu ili m'zitini. Ndiimanga.

Lamulungu, 8 Juni

Tsiku lonse kutsuka. Parafini, mswachi wakale, nsanza. Oilo wotsalira anatuluka ngati tiyi wamkaka, madzi analowerera pomwe gasiketi yomatira hedi ku injini inapsa. Pansi matope okhaokha.

Kuseri kwa pampu ya madzi kuli kabawuti komwe dzanja langa silifika. Kale ndinkangoti "Abwana, dzanja," iye n'kupinda mkono wa malaya, kwinaku akundinena kuti zala zanga zili ngati mapazi a njovu. Lero ndadzisupula pachala, ndatukwana, ndapinda sipanala yakale ndi hamala mpaka yafika. Kamasuka. Sindinasangalale.

Lolemba, 9 Juni

Hedi m'chikwama cha zida, pa basi. Kondakitala poinyamula: "Akulu, muli mwala umu?"

Bambo wa pamakina osalazira zitsulo anaika chitsulo chowongoka pamwamba pake, n'kuyang'ana kowala. Kuwala kumadutsa pansi. Yapindika, ndi yofunika kusalaza. Mtengo wake unaposa thumba langa. Mwamwayi firiji yawo ya zakumwa inali pakona ikungolira osazizira. Ndati ndiione. Tagwirizana: iwo hedi, ine firiji.

"Galimoto yanu?" anafunsa.

"Ya apongozi." Zangotuluka zokha. Pobwerera ndinadutsa siteji yanga osazindikira.

Lachiwiri, 10 Juni

Tebulo la m'khitchini lili mbee. Ndadyera choimirira.

Lachitatu, 11 Juni

Alamu abwera, mchimwene wake wa Abwana. Kapena ndiziti amene akanakhala alamu. Anazungulira galimoto, kugogoda tayala ndi nsapato, kufunsa zinthu zomwe sakufuna kumva yankho lake. Tiyi anangomugwira m'manja osamwa.

"Alamu, mukudzizunza. Pali garaja ina akhoza kudzaikoka. Zolipira musade nkhawa, mkulu uja wati athana nazo."

"Mkulu uti?"

Anayang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche. "Ndimayesa mukudziwa."

Chibwenzi chatsopano cha Abwana, wa kuntchito kwake. Akuti ndi munthu wofatsa. Akuti zayamba posachedwapa. Sindinafunse kuti posachedwapa ndi liti. Ndinangoti mukamuthokoze mkuluyo, koma injini ndinaimasula ndine, ndiimanga ndine. Ndinawaperekeza mpaka pageti, tinasekako za mpira. Ndinabwerera kuseri. Ndinakhala pa tayala la sipeya mpaka dzuwa linachoka pakhoma.

Lachinayi, 12 Juni

Sindinapite kuntchito. Sindinakhudze sipanala.

Lachisanu, 13 Juni

Hedi yabwera, yosalala mpaka ndikudziona nkhope. Si nkhope yoonera.

Mavalavu ndikupera ndekha ndi manja, pamakina n'zodula. Kamtengo kamphira kumutu, kamankhwala kokhakhala, kupekesa m'zikhatho, kunyamula, kupekesanso. Ntchito yabwino kwa munthu wosafuna kuganiza, kungoti manja akazolowera mutu umabwerera komwe kuja.

Achemwali anga anandipeza ndili pomwepo. Anaika mbale ya chakudya pamwamba pa batire.

"Iwe, mkazi wakusiya, ndiye ukumukonzera galimoto yoti azikwera ndi wina? Anakudyetsa chiyani?"

"Si yake, achemwali. Ndi ya malemu."

"Bodza. Thiramo mchenga uwapatse."

Ndinaseka zenizeni koyamba sabata ino. Iwo sanaseke. Analowa m'nyumba, ndinamva akutsuka mbale mwaukali, kutsegula mawindo, kukuntha makatani. Potuluka anali atanyamula jumbo. Ndinaona chidendene cha silipasi ya Abwana chikusuzumira. "Izi ndikapereka kwa mayi ake." Sindinawaletse. Pochoka anandigwira pamutu ngati kale ndili mwana, n'kunena kuti ndimete ndevu ndikuoneka ngati wothawa kundende.

Loweruka, 14 Juni

Yatsopano ndagula gasiketi ya hedi yokha, imeneyo sachita nayo masewera. Zing'onozing'ono ndadula ndekha papepala lolimba ndi lumo. Kwa amakaniko a pamsika ndabwereka sipanala ija imati tha ikafika pamlingo wake.

Zonse zinkayenda. Hedi pamalo pake, mabawuti kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, monga amakaniko anandiuzira. Kenaka ndinayamba kuona mkulu uja. Nkhope yake sindiidziwa, ndinangompangira yanga. Ali pampando uno, chigongono pawindo, Abwana akuseka tsitsi likuuluka. Sipanala inalira kapena sinalire, sindikudziwa. Ndinangomva thyo. Mutu wa bawuti m'manja, thupi latsalira mkati.

Ndinaponya sipanala ya eni ake pakhoma. Ndinakaitola, ndinaipukuta, siinaonongeke. Ndinalira ngati pamaliro, chifukwa cha bawuti.

Lamulungu, 15 Juni

Amakaniko abwera atavala suti, akuchokera kutchalitchi. Jekete pa chingwe choyanikira, tayi m'thumba. Hedi kuchotsanso. Anayang'ana chitsa chija nthawi yaitali akuyamwa mano.

"Achimwene, izi si mphamvu za ntchito. Munkamanga ndani apa?"

Anatumiza kuti makina awo owotcherera abwere pa wilibala, anawotcherera nati pamwamba pa chitsacho, tinadikira chizizire. Koyamba nati inathothoka yokha, iwo n'kutukwana kenaka n'kupepesa kumwamba poti ndi Lamulungu. Kachiwiri chinatembenuka, kulira kwiii, n'kutuluka chonse. Lina lolowa m'malo analipeza m'chidebe chawo cha zakale.

Nditafunsa za malipiro anati ndidzawakweze ikadzuka, akufuna akazi awo awaone ali m'galimoto yopanda denga. Ndinati idzakhala itapita. "Ndiye mundikweze isanapite." Gasiketi inali isanaphwanyike kwenikweni, akuti ipirira. Nawonso sakutsimikiza, ndinawaona m'maso.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndaweruka msanga. Oilo, madzi, petulo wa m'kachigubu, batire yobwereka kwa aneba. Kupotokola kiyi: sitata kubuula, kubuula, kenaka phwaa kumbuyo ngati mfuti. Galu wa aneba mpaka pansi pa bedi, akutero. Kachiwiri chimodzimodzi. Thukuta. Ndinaganiza za gasiketi, za bawuti, za alamu akubwera ndi chingwe chokokera. Kuyang'anitsitsa, mawaya awiri a mapulagi ndinasinthanitsa. Ine ndithu.

Ndinakonza, ndinakoka choki, ndinapotokola.

Inatsokomola. Inanjenjemera thupi lonse. Kenaka inagwira.

Utsi bwalo lonse, zitini zopanda kanthu zikuvina pansi, mawindo a khitchini akulira. Mawu ake ndi okhuthala, otsika, amalowa m'chifuwa. Ndinakuwa ndekha. Aneba anasuzumira pampanda akuomba m'manja. Pozindikira foni ili kukhutu ikuitana, nambala ya Abwana. Ndinadula.

Patapita nthawi uthenga: "Unaimba?"

"Mwangozi."

"Ok."

Lachitatu, 18 Juni

Amayi aimba kufunsa. Ndati ndikudikira kachitsulo kena, sikakupezeka. Anati Mulungu akuthandize mwananga. Ndaifunditsanso lona.

Ikatuluka pageti apa, chotsala n'chiyani choti azindiimbira foni?

Lachinayi, 19 Juni

Makabuleta ake ndi awiri, ayenera kupuma mofanana. Chida chopimira ndilibe. Kapaipi kukhutu, mbali ina pakamwa pa kabuleta, kumvera mpweya uku ndi uku, kupotokola pang'ono, kumveranso. Tsopano ikuguguda mwaulemu. Madzi sakutsika, oilo ndi woyera. Gasiketi yapirira.

Ndakweza amakaniko monga mwa pangano. Tinadutsa pakhomo pawo, iwo akubayibitsa ngati mkwati, akazi awo ali pakhonde agwira pakamwa. Nditawatsitsa ndinabwerera ndekha. Ikuthamanga, ndi yopepuka, pakona imamvera chala. Koma galimoto ya mipando iwiri siibisa kuti uli wekha. Ndinaika bokosi la zida pampando winawo.

Loweruka, 21 Juni

Ndinali nditailiza kuseri, mutu uli mu injini, pomwe ndinamva "odi" pafupi. Amayi. Okha, chikwama m'manja, nsapato zafumbi, atsika basi n'kuyenda wapansi.

Ndinafuna kuzimitsa. Anakweza dzanja. "Isiye."

Anaima pomwepo maso ali tseke. Ndinayamba kufotokoza za kachitsulo kaja, kuti kangopezeka kumene, koma anandidula. "Ndaimva ndili pakona. Ndikanaizindikira ngakhale pakati pa msika." Za bodza langa sanatchule.

Anapempha ndiwayendetse. Kulowa kunali ntchito, mpando uli pansi, mawondo awo akuvuta, tinaseka tonse. Panjira anayamba kusimba. Bambo anaigula ali mnyamata, akukhala m'chipinda chimodzi chalendi, abale onse akuwanena kuti apenga. Ana atabadwa panalibe powaika, banja limakwera basi, bambo akutsatira pambuyo pang'onopang'ono ngati operekeza. Akafika pageti ankailiza kawiri kuti madzi osamba aikidwe pamoto. Amayi ankasimba akuseka, misozi ikupita cham'makutu ndi mphepo. Mpango anaugwira ndi dzanja limodzi, lina lili pa dashibodi ngati akusisita mwana.

Titabwerera sanatsike msanga.

"Mwananga, ine ndinakukonda. Bambo akanakhalapo akanakukondanso. Koma wokwatiwa si ine."

Ndinati ndikudziwa, Amayi.

"Ndiye imasule ipite. Mawa abwera kudzaitenga."

Ndinawaperekeza kusiteji. Basi ikunyamuka anatulutsa mutu: uzidya.

Lamulungu, 22 Juni

Ndaitsuka m'mawa. Boneti pamalo pake, matayala kupopa, mipando kupukuta. Ndameta.

Abwera cha m'ma teni. Galimoto yoyera inaima panja pa geti. Abwana anatsika, wadula tsitsi. Mkulu uja anatsalira kaye, kenaka naye anatsika. Wamtali, magalasi, anandipatsa moni wa manja awiri. Ndinkafuna akhale wamwano. Si wamwano.

Abwana anaima kutsogolo kwa galimoto osaikhudza. "Waidzutsadi."

"Yadzuka. M'mawa muzikoka choki, ikatentha mubweze. Oilo musinthe ikayendako pang'ono. Ikavuta mupite nayo kwa amakaniko a pamsika, akuidziwa."

Anandiyang'ana. "Ndasanduka inu?"

Ndinampatsa kiyi.

Mkulu uja anafunsa mwaulemu kuti boneti imatsegulidwira pati. Ndinamusonyeza kachingwe kali pansi pa chiwongolero, ndinamusonyeza poyezera oilo ndi pothira madzi. Ankamvetsera ngati mwana wasukulu. Anafunsa ngati pali chomwe angandibwezere pa zomwe ndagula. Ndinati palibe. Sanakakamize.

Abwana analowa, anakokera mpando kutsogolo, anailiza. Nkhope yake inasintha atamva mawu aja, anati "Adadi" chapansipansi, si ine ankauza. Kenaka osandiyang'ana: "Ukhoza kumabwera kudzaiona."

Ndinati ayi, zikomo.

Ndinatsegula geti mbali zonse. Anabwerera m'mbuyo bwinobwino, koma pa kamtunda ka pamsewu anasiya kilatchi msanga, inazima. Ndinaona maso ake pagalasi akundifuna. Phazi langa linali litanyamuka kale. Ndinalibweza, ndinagwira geti.

Anadikira. Kenaka anapotokola yekha, inagwira, ananyamuka, yoyera ija pambuyo pake.

Ndatseka geti asanafike pakona.