Anadya mpunga wa sadaka yanga ine ndili moyo

Aphungu,

Mikidadi, amene pano akuyendetsa takisi m'tauni ya Falls Church, kuno kutsidya kwa nyanja, anandipha mu 1973. Tinali limodzi ku migodi ya ku Joni. Iye atabwerera ku Mangochi anauza abale anga kuti mwala unandigwera. Anandichitira sadaka, iye n'kudya mbale ziwiri za mpunga, ndipo chaka chisanathe anakwatira Rukaya, chibwenzi changa. Nditafika, amayi anandithawa poyesa mzukwa.

Lero ndine nkhalamba, ndikusungidwa ndi mwana wanga Zahra ku Laurel, tauni ina ya konkuno. BP yakana mankhwala. Adokotala akuti mitsempha yopita ku impso yachepa, ndiye akufuna kuikamo stenti, kawaya konga sipuling'i ya bolopeni. Akuti alowera padzanja, povala wotchi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma ndikudziwa kuti impso sizikhala m'dzanja.

Achipatala salola kuti ubwerere wekha kunyumba. Zahra ali ndi khanda, ndiye anakapempha Mikidadi osandifunsa. Iye akuti, "Uwauze achimwene asadandaule, ndidzawanyamula." Kundinyamula ine! Tsiku loika stentiyo ndasintha kawiri. Pabedi lachipatalalo sindigona mpaka Mikidadi aimirire mumzikiti Lachisanu, anene pamaso pa anthu kuti ananama.

S.K., Laurel

Bambo S.K.,

Mikidadi anakulakwirani, sindimuikira kumbuyo. Koma impso zanu mlanduwu sizikuudziwa. Mukamasintha tsiku mukulanga izo, mnzanuyo akungonenepa. Zikafooka mudzakhala pamakina otsuka magazi katatu pa sabata, ndipo mukuganiza kuti azidzakuperekezani ndani?

Za dzanja musaope. Mitsempha ndi yolumikizana ngati misewu. Amalowetsa kapaipi kowonda n'kukayendetsa mpaka kakafike ku impso. Njira ina ndi ya m'mphechepeche, ndipo kumeneko mumagona chagada maola ambiri, anamwino akusuzumira mobwerezabwereza. Sankhani nokha.

Imbani foni mawa, tengani tsiku, musalisinthenso. Nyamulani mankhwala onse amene mumamwa, adokotala akuuzeni oyamba ndi osiya. Kwerani takisi ya Mikidadi, mukhale kumbuyo ngati bwana. Mukachira kawauzeni ashehe amuitane, mukhale pansi. Mlandu amaimba ndi munthu wamoyo.

Chenjezo langa ndi ili: dzanja lobooledwalo silifuna kugwira ntchito yolemera kwa masiku angapo. Akakuyankhani mwano pobwerera, chibakeracho musunge kaye mpaka adokotala avomere.